Mtengo wa Mfuti m'Masiku a Makolo Athu

Pa miyambo yambiri ya mafumu m'dziko lathu lino, mfuti ya gogodera ikalira amayi amaimba nthungululu, ndipo ana amathamangira komwe kwafuka utsi. Mfuti yomweyo imaliranso pa maliro a mfumu kapena a mlenje wotchuka. Tinaizolowera kwambiri, kotero kuti ena amaiyesa chida cha makolo monga uta ndi nthungo. Koma mfuti inabwera ndi alendo, ndipo inachita kugulidwa. M'nkhani ino tifuna kufotokoza kumene inali kuchokera, mtengo umene makolo analipira, ndi zimene zinachitika azungu atatenga dziko. Ana athu a sukulu amafunsa kawirikawiri kuti: ngati makolo anali nazo mfuti, nanga anagonja bwanji kwa azungu owerengeka chabe? Yankho lake lili pa mtundu wa mfuti zimene anawagulitsa, pa mtengo wake, ndi pa munthu amene anali kusunga wonga.

Dziko la Rufunsa ndi khomo la ku Zumbo

Poyang'ana mbiri imeneyi tasankha kuima pa Rufunsa. Inu amene mwachokera ku Lusaka pa msewu waukulu wa Kum'mawa mwadutsa m'dera limeneli, kuyambira pamene munasiya Chongwe kufikira pafupi ndi mlatho wa Luangwa. Linakhala boma palokha m'nthawi ya Pulezidenti Michael Sata, atalipatula ku Chongwe. Ndi dziko la Asoli, la mafumu Mpanshya, Bundabunda ndi Shikabeta. Kumpoto kwake kuli mtsinje wa Lunsemfwa ndi chigwa cha Luano, kum'mwera kuli mapiri otsetserekera ku Zambezi, ndipo kum'mawa kuli Luangwa. Ndi dziko la mapiri ndi nkhalango, ndipo kale munali njovu zochuluka.

Munthu akatsata Luangwa kulowera kum'mwera amafika pamene mtsinjewu uthira m'Zambezi. Pamenepo pali Feira, imene lero timaitcha Luangwa, ndipo kutsidya kwake, m'dziko la Mozambique, kuli Zumbo. Apwitikizi anatsegula msika pa Zumbo kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1700, ndipo liwu lakuti Feira m'chilankhulo chawo litanthauza msika. Msikawo unafa m'zaka za m'ma 1830. David Livingstone podutsapo mu Januwale 1856 anangopeza mabwinja a nyumba za miyala ndi belu losweka la tchalitchi. Koma m'chaka cha 1862 Apwitikizi anabwerera, ndipo kuyambira pamenepo Zumbo inakhala khomo lolowera mfuti kwa Ansenga a Mburuma, Asoli, Aambo, Alala ndi Alenje. Ife Achewa nkhaniyi itikhudza, pakuti ufumu wa Undi unali chakum'mawa kwa Luangwa, kumpoto kwa Zambezi, ndipo minyanga ya m'dziko lake inali kupita ku Tete ndi ku Zumbo komweko.

Kumene mfuti zinali kuchokera

Mfuti zambiri zimene zinafika kuno zinali kupangidwa m'mizinda iwiri ya ku Ulaya: Birmingham ku Mangalande ndi Liège ku Belgium. Kumeneko kunali amisiri opanga mfuti zotsika mtengo zogulitsa ku Africa kokha. Zinali za mitundu iwiri. Yakale inali ya mwala, imene inali kuthetheka moto mwalawo ukamenya chitsulo. Yobwera pambuyo inali ya kachipewa kakang'ono ka mkuwa, kamene kanali kuphulika kakamenyedwa. Zonse ziwiri zinali kudyera kukamwa. Mlenje anali kuthira wonga, kuika kansanza, kuponyamo chipolopolo, ndi kugogoda ndi kamtengo kapena kachitsulo mpaka zonse zitakhazikika pansi. N'chifukwa chake timaitcha gogodera. Munthu wozolowera anali kuombera kawiri kapena katatu pa mphindi imodzi, ndipo mvula ikagwa mfuti ya mwala inali kukana.

M'zaka za m'ma 1860 ndi 1870 magulu a nkhondo a ku Ulaya anasiya mfuti zotere natenga zodyera kumbuyo. Angerezi anayamba ndi Snider mu 1866, kenaka Martini-Henry mu 1871. Mfuti zakale zimene zinadzaza m'nkhokwe za asilikali zinagulitsidwa kwa amalonda pa mtengo wozizira, ndipo amalondawo anazilongeza m'zombo za ku Africa. Motero pa nthawi imene mfuti zinachuluka m'chigwa cha Luangwa, eni ake kwawo anali atazitaya kale.

Ulendo wake unali wautali. Chombo chinali kutsitsa katundu ku Quelimane. Kuchokera kumeneko mabwato anali kukwera Zambezi kudzera ku Sena mpaka ku Tete. Kumtunda kwa Tete kunali mathithi a Kebrabasa, pamene lero pali damu la Cahora Bassa, ndipo pamenepo mfuti ndi timigolo ta wonga zinali kusenzedwa pamutu masiku angapo zisanalowenso m'bwato la ku Zumbo. Dzanja lililonse limene katunduyo anadutsamo linali kuonjezapo phindu lake.

Mtengo wake: minyanga ndi anthu

Pa nthawiyo kunalibe ndalama m'midzi. Malonda anali osinthana, ndipo mtengo wa mfuti unali kukwera monga mwa kutalika kwa mudzi ndi nyanja. Livingstone anatisiyira chitsanzo chomveka bwino, ngakhale ndi cha kumadzulo kwa dziko lathu. Mu 1854 anafika ndi Amakololo ku Cassange, m'dziko la Angola. Kumeneko mnyanga umodzi unagula mfuti ziwiri, timigolo titatu ta wonga, nsalu zokwanira kuveka gulu lake lonse, ndi mikanda yambiri. Amakololowo anadabwa, pakuti kwawo kumtunda kwa Zambezi anazolowera kupereka minyanga iwiri pa mfuti imodzi. Taonani kusiyana kwake. Munthu wa kumudzi anali kulipira kanayi ndi kupitirira, ndipo phindu lonselo linali kutsalira m'manja mwa oyenda pakati.

Livingstone yemweyo analembanso za mtengo wina. Mu 1850 amalonda otchedwa Amambari, ochokera ku Angola, anafika kwa Sebetwane, mfumu ya Amakololo, ndi mfuti zakale za Chipwitikizi. Mfumuyo inafuna kulipira ndi ng'ombe kapena minyanga, koma iwo anakana. Anafuna anyamata a zaka ngati 14. Mfuti zisanu ndi zitatu zinasinthidwa ndi anyamata asanu ndi atatu, ogwidwa kuchokera ku mitundu imene Amakololo anaigonjetsa. Mfuti imene eni ake anali ataitopa nayo inalinganizidwa ndi mwana wa munthu.

Chimene chinakokera amalonda kuno poyamba chinali mnyanga. Ku Ulaya ndi ku America anali kupangira makiyi a piyano, timipira ta masewera ndi zigwiriro za mipeni, ndipo ku India anali kusema makoza a akwatibwi. M'zaka za m'ma 1800 mtengo wa mnyanga unali kukwera, pamene mtengo wa nsalu ndi mfuti za m'mafakitale unali kutsika. Mwa mwambo wathu, njovu ikaphedwa, mnyanga wogunda pansi unali wa mfumu mwini dziko, ndipo mafumu aang'ono anali kuutumiza kwa Undi pamodzi ndi zikopa za mikango ndi akambuku monga mtulo. Mfumu ndiyo inali kugulitsa, ndi kugawira anthu ake nsalu. Mfuti zitachuluka, alenje achilendo anayamba kupha njovu mosapempha, amalonda anayamba kupangana ndi mafumu aang'ono mosadzera kwa wamkulu, ndipo mtulo unachepa.

Njovu zitayamba kusowa pafupi, amalonda anatembenukira kwa anthu. Apa mudzi uliwonse unalowa m'msampha. Mudzi wopanda mfuti unali kugwidwa. Kuti ugule mfuti unafunika mnyanga kapena munthu. Kuti upeze munthu wogulitsa unayenera kukathira nkhondo mudzi woyandikana nawo, kapena kupereka wake. Tsono mfuti imagulidwa kamodzi, koma wonga umatha. Gogodera wopanda wonga ndi chibonga chabe. Chaka ndi chaka mfumu inayenera kubwerera kwa wamalonda yemweyo, ndipo iye ndiye anali kutchula mtengo.

Pano tiyenera kunena zoona, ngakhale ziwawa. Ogulitsa anthu sanali alendo okha. Mafumu ena ndi eni mbumba ena anayamba ndi kupereka opalamula milandu ndi oganiziridwa ufiti, kenaka ana amasiye, kenaka aliyense wopanda womuimira. Mtsibweni amene udindo wake unali kutchinjiriza ana a mlongo wake, nthawi zina ndiye anali kuwapereka chikole. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo malonda a mfuti anali otero.

Achikunda a Kanyemba ndi Matakenya

Amene anabweretsa mfuti m'mapiri a Rufunsa makamaka anali Achikunda. Iwo poyamba anali akapolo onyamula zida pa minda ikuluikulu ya Apwitikizi ku Tete ndi ku Sena. Allen Isaacman ndi Barbara Isaacman, m'buku lawo la mu 2004 lonena za mtundu umenewu, anaonetsa kuti ambiri mwa iwo anachokera kumpoto kwa Zambezi, pakati pa Achewa, Amang'anja ndi Ansenga. Ndiye kuti ena mwa ogwira anthu aja anali adzukulu a anthu athu amene anagulitsidwa kale. Minda ija itapasuka, Achikunda anakwera mtsinje kudzasaka njovu, pakuti pa ulenje ndi pa kupalasa bwato panalibe owaposa.

Atsogoleri awo awiri ndiwo akumbukika kwambiri. Woyamba ndi José do Rosário Andrade, wotchedwa Kanyemba, amene dzina lake lidakalipo pa malo a kutsidya kwa Zambezi m'dziko la Zimbabwe. Mlenje wachizungu Frederick Selous anakumana naye mu 1877, nalemba kuti anali ndi anthu mazanamazana, onse ndi mfuti. Wachiwiri ndi José de Araújo Lobo, wotchedwa Matakenya, amene m'zaka za m'ma 1880 anaopsa chigwa cha Luangwa. Boma la Apwitikizi linali kuwapatsa maudindo ndi mbendera, pofuna kuti kudzera mwa iwo linene kuti dzikolo n'lawo. Iwo anali kumanga malinga olimba, kukongoza alenje mfuti ndi wonga, ndi kulandira minyanga ndi akapolo. Magulu awo anafika kwa Atonga a m'chigwa cha Zambezi, kwa Asoli, kwa Alenje, kwa Aambo ndi kwa Alala.

Motero munthu wa m'mudzi wa Chisoli anali kuiona mfuti kawirikawiri, koma mochuluka inali m'manja mwa amene anadza kudzamugwira. Midzi inazingidwa ndi malinga, ndipo anthu ambiri anasiya madambo achonde nakabisala m'mapiri, kumene kulima kunali kovuta.

Achewa ndi Angoni

Kum'mawa kwa Luangwa kunali chiopsezo china. Angoni a Zwangendaba anaoloka Zambezi pafupi ndi Zumbo mu Novembala 1835, tsiku limene kunachitika kadamsana. Patapita zaka, mwana wake Mpezeni anadzakhazikika pakati pa Ansenga ndi Achewa, m'dera limene lero muli Chipata. Giacomo Macola, m'buku lake la mu 2016 lonena za mfuti pakati pa Africa, anafotokoza kuti Angoni a Mpezeni sanaikonde mfuti. Kwa iwo ulemu wa mwamuna unali kufika pafupi ndi mdani ndi chishango ndi nthungo, ndipo kuombera patali kunali kwa amantha. Anali kudziwanso kufooka kwa gogodera: ikalira kamodzi, wothamanga bwino amafika mwini wake asanamalize kugogoda.

Chifukwa cha ichi mfuti inathandiza Achewa pokhapokha pamene panali linga lolimba ndi wonga wokwanira. Mwase wa ku Kasungu anali ndi njovu zambiri m'dziko lake, anali pa njira ya malonda yopita kwa Jumbe ku Nkhotakota, ndipo anagula mfuti zochuluka. Angoni analephera kumugonjetsa. Mkanda, amene dziko lake linayandikana ndi Mpezeni, analimba zaka zingapo m'malinga ake, koma anagonja cha m'ma 1880. Ufumu wa Undi, wopanikizidwa ndi Achikunda kum'mwera ndi Angoni kumpoto, unafooka kwambiri. Mfumu imene inali pafupi ndi njira ya wonga inapulumuka, ndipo imene inali kutali inavutika.

Pangano la ku Brussels ndi mfuti ya chiwaya

Atatha kugawana Africa pa msonkhano wa ku Berlin wa 1884 mpaka 1885, maiko a ku Ulaya anakumananso ku Brussels. Pa 2 Julaye 1890 maiko 17 anasaina pangano lothetsa malonda a akapolo. M'panganomo munali mfundo za mfuti. M'chigawo chachikulu cha Africa, kuphatikizapo dziko lathu lonse, mfuti zamakono ndi zipolopolo zake zinayenera kusungidwa m'nkhokwe za boma, osagulitsidwa kwa anthu wamba. Zololedwa kugulitsidwa zinali mfuti za mwala zokha ndi wonga wamba, ndiponso osati m'madera mmene munali malonda a akapolo. Cholinga chothetsa ukapolo chinali chabwino, ndipo midzi yambiri inapumadi. Koma lamulo lomwelo linatanthauzanso kuti mfumu ya Chiafrika idzakumana ndi msilikali wa mzungu itanyamula chida cha agogo ake a mzunguyo.

Azunguwo pofuna dziko sanachite manyazi kulipira ndi mfuti. Mu Okutobala 1888 nthumwi za Cecil Rhodes zinalonjeza Lobengula, mfumu ya Amandebele, mfuti za Martini-Henry 1,000, zipolopolo 100,000 ndi mapaundi 100 mwezi uliwonse, posinthana ndi ufulu wokumba miyala. Pepala limenelo linathandiza Rhodes kulandira chilolezo cha British South Africa Company mu 1889. Koma Kampaniyo inadzisungira chida choposa. Mu 1884 Hiram Maxim anapanga mfuti ya chiwaya, yolavula zipolopolo ngati 600 pa mphindi imodzi. Mu Okutobala 1893, pa mtsinje wa Shangani, mfuti imeneyi inapulula ankhondo a Lobengula.

Pa 11 Juni 1891 Angerezi ndi Apwitikizi anapangana malire, ndipo kumunsi kwa Luangwa mtsinjewo unakhala malire: Zumbo kwa Apwitikizi, Feira kwa Angerezi. Kampani isanafike kudzakhazikitsa maboma, mzungu wina, John Harrison Clark, amene anthu anamutcha Changachanga, anali atakhala kale pa Feira. Iye anasonkhanitsa anyamata a Chinsenga, anawapatsa mfuti, anapirikitsa magulu ena ogwira akapolo, nadziika yekha ngati mfumu ya dera lalikulu kufikira Kampani inamulanda mphamvu. Izi zionetsa kuti m'zaka zimenezo munthu mmodzi wokhala ndi njira yopezera zida anali kutha kulamulira dziko la mafumu ambiri.

Kenaka nkhondo zinatsatana. Mu Disembala 1895 asilikali a boma la Harry Johnston anagonjetsa Mlozi ku Karonga namupachika, ndipo mwezi womwewo anathyola linga la Mwase ku Kasungu. Mwase, amene gogodera zake zinabweza Angoni, anadzipha posafuna kugwidwa. Mu Januwale 1898 asilikali ochokera ku dziko limene lero ndi Malawi analowa kwa Mpezeni ndi mfuti za chiwaya ndi mizinga. M'masiku owerengeka nkhondo inatha. Nsingo, mwana wa Mpezeni amene anatsogolera ankhondo, anaomberedwa mu Febuluwale, ndipo ng'ombe zikwizikwi zinalandidwa. Asilikali ambiri a m'nkhondo zimenezi anali Aafrika anzathu. Mfuti yamakono inaloledwa m'manja mwa munthu wakuda pokhapokha atavala yunifomu ya mzungu.

Pansi pa Kampani: chiphaso, msonkho ndi ulendo

Mu 1899 Fort Jameson, imene lero ndi Chipata, inakhala likulu la North-Eastern Rhodesia, ndipo mu 1911 chigawo chimenechi chinalumikizidwa ndi cha kumadzulo kupanga Northern Rhodesia. Kugwira akapolo kunatha, malinga anagwa, ndipo anthu anatsika m'mapiri. Ichi tiyenera kuvomereza. Koma mtengo wa mfuti unasintha maonekedwe. M'madera ena mfuti zinalandidwa. Zotsala zinayenera kulembetsedwa ku boma ndi kulipiridwa chiphaso, ndipo wonga unali kugulidwa ndi chilolezo, pang'onopang'ono. Kupha njovu kunafuna chiphaso chodula chimene munthu wa kumudzi sakanatha kulipira, choncho minyanga inapita kwa alenje achizungu, ndipo ufulu wa mfumu pa mnyanga wapansi unazirala. Mfuti yaikulu yodyera kumbuyo inali ya mzungu. Chifefe chinadzaloledwa kwa mafumu, akalaliki ndi aphunzitsi ena amene bwana wa pa boma anawakhulupirira. Munthu wamba anatsala ndi gogodera.

Zonsezi zinafuna ndalama, ndipo ndalama zinali zisanafike m'midzi. Mu 1901 Kampani inayamba kutolera msonkho wa mashiling'i atatu pa nyumba, ndalama zolingana ndi malipiro a mwezi wathunthu kwa wogwira ntchito pafupi ndi kwawo. Amuna anayamba ulendo wa kum'mwera, ku migodi ndi mapulazi a ku Southern Rhodesia. Doko la pa Feira, pamene kale panali kulowera mfuti, linasanduka poolokera anthu opita ku Halale. Ena anapita okha, ena anatengedwa ndi bungwe lolemba anthu ntchito la Rhodesia Native Labour Bureau, lokhazikitsidwa mu 1903, limene anthu analitcha chibalo. Wobwerako bwino anali kulakalaka zinthu zitatu: njinga, makina osokera ndi mfuti. Atachotsa msonkho, nsalu ya mkazi ndi mphatso za kwa apongozi, mfuti inali kudya miyezi yambiri ya thukuta la pansi pa mgodi. Ena sanabwerere konse, nasanduka machona. Kale mfuti inachotsa mwana m'mudzi ndi goli m'khosi. Tsopano inali kumuchotsa ndi chitupa m'thumba.

Makolo sanangokhala manja lende. Osula zitsulo, amene kale anali kusula makasu ndi nkhwangwa, anaphunzira kukonza gogodera, kusema chitako chatsopano ndi kusula zipolopolo za chitsulo. M'madera ena anthu anadziwa kudzipangira wonga. Mfuti imodzi inali kutumikira mibadwo itatu, ndipo inalowa m'chuma cha mbumba, yosiyirana kuchokera kwa mtsibweni kupita kwa mphwake. Mfuti zoterezi zinaliranso pa nkhondo mu 1917, pamene anthu a Makombe a ku Barue ndi mitundu ina ya m'mbali mwa Zambezi anaukira Apwitikizi chifukwa cha ntchito yokakamiza. Oukirawo anafika polanda Zumbo, koma Apwitikizi anabwera ndi zida zamakono ndi ankhondo olembedwa ganyu, ndipo ambiri anathawira m'maiko olamulidwa ndi Angerezi.

Kusowa kwa mfuti ndi wonga kunafika mpaka kumunda. Mliri wa ng'ombe umene unadutsa kuno m'zaka za m'ma 1890 unapha ng'ombe ndi nyama zambiri zakutchire. Nyamazo zitayambanso kuswana, alimi analibe chothamangitsira njovu, njati ndi nguluwe. Leroy Vail, polemba mu 1977 za kum'mawa kwa Zambia, anaonetsa kuti malamulo a mfuti ndi a ulenje, pamodzi ndi kuchoka kwa amuna ndi kusamutsidwa kwa midzi, zinathandiza tchire kubwerera, ndipo pamodzi nalo kashembe, amene amapha ng'ombe ndi kufalitsa matenda a kaodzera.

Zimene tiphunzirapo

Tsono mwana akafunsa chifukwa chimene makolo anagonjera, timuuze kuti sanali amantha. Anagula pa mtengo wa minyanga ndi wa abale awo mfuti zimene eni ake anali atazitaya. Pofika zaka za m'ma 1890 njovu zinali zitachepa, midzi inali itadana chifukwa cha kugwirana, njira ya wonga inali itatsekedwa ndi pangano la ku Brussels, ndipo mdani anabwera ndi chiwaya. Mutu umodzi susenza denga, koma zaka makumi atatu za malonda a mfuti zinasiya mfumu iliyonse ili payokha.

Timuuzenso kuti mbiri imeneyi si yoti tizilozerana zala. Lero Msoli wa kwa Mpanshya, Mnsenga wa kwa Mburuma, Mchikunda wa kwa Mphuka, Mngoni wa kwa Mpezeni ndi Mchewa wa kwa Undi akwatirana, amapemphera pamodzi ndipo amaikana maliro. Pakati pa makolo a mtundu uliwonse panali ogulitsa ndi ogulitsidwa. Njovu zimene zinapulumuka nazo ndi mboni za nthawi imeneyo. Zina zikhala m'nkhalango ya Lower Zambezi, imene inakhala paki ya dziko mu 1983, ndi m'dera losungira nyama la Rufunsa loyandikana nayo, ndipo lamulo la nyama zakutchire la mu 2015 liziteteza. Mnyamata amene lero atenga gogodera kukapha njovu kuti agulitse mnyanga kwa mlendo akubwereza malonda omwe aja, ndipo phindu lalikulu lidzapitanso kwa woyenda pakati.

Pomaliza tipempha mabanja amene akusunga mfuti zakale kuti azisunge motsata malamulo a dziko, ndipo asazitaye kapena kuzigulitsa ngati zitsulo zakutha. Yang'anani zilembo ndi zidindo zimene zili pa chitsulo ndi pa chitako, muzikopere m'kabuku. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Afunseni adakali moyo kuti mfutiyo inabwera ndi yani, inadzera njira iti, ndipo panaperekedwa chiyani. Ngati panaperekedwa mnyanga, lembani. Ngati inagulidwa ndi ndalama za ku mgodi, lembani dzina la mgodiwo ndi la amene anapitako. Ndipo ngati panaperekedwa munthu, lembani dzina lake ndi la mayi wake, kuti adzukulu akamatchula a m'mbumba yawo, iyenso azitchulidwa.